Funsani Tikuyankheni: Amayi, Mipando ya Utsogoleri ndi Ntchito Yomenyera Mfundo

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa tsamba lino akukhudza nkhani ya amayi ndi utsogoleri, ndipo ena achokera kwa achinyamata amene akufuna kuti kukopa atsogoleri pa za malamulo ndi ndondomeko za boma ikhale ntchito ya moyo wawo. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ndawafupikitsa popanda kusintha zimene eni ake ankatanthauza. Mayina a olemba sindinawatchule, monga timachitira nthawi zonse.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo ndangomaliza kumene maphunziro a ukachenjede. Mtima wanga uli pa ntchito yomenyera ufulu wa amayi kuti nawonso azikhalapo pamene pakumangidwa mfundo, koma makolo anga akuti imeneyi si ntchito, ndi ndale chabe, ndipo munthu sangadyere. Kodi ntchitoyi ndi yotani kwenikweni, nanga ndiyambire pati?

YANKHO: Chemwali, makolo anu musawakwiyire, chifukwa mbali ina ya mawu awo ndi yoona, ndipo ndibwererakonso. Koma tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Wandale amafuna mpando, ndipo kuti aupeze amapempha mavoti m'dzina la chipani kapena m'dzina lake. Womenyera mfundo mpandowo saufuna. Chimene iye amafuna n'chakuti amene wakhalapo kale asinthe lamulo, awonjezere ndalama pa gawo lina la bajeti, kapena akwaniritse zimene analonjeza. Awiriwa amakumana m'bwalo limodzi, n'chifukwa chake makolo anu akuona ngati ndi anthu amodzi, koma zida zawo n'zosiyana.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku si imene timaiona pa kanema ija, ya kuguba mumsewu ndi zikwangwani. Kuguba kumachitika mwa apo ndi apo. Masiku ena onse munthu amakhala akuwerenga bilu ndime ndi ndime kuti apeze mawu amene angadzapweteke amayi, akufufuza m'mabuku a bajeti kuti adziwe ngati ndalama zolonjezedwa zija zinatulukadi, akuyenda m'madera kukamva zimene anthu akukumana nazo, kenako n'kulemba zonsezo pa masamba awiri okha, popeza phungu kapena nduna alibe nthawi yowerenga mtolo wa mapepala. Akatero amapempha kuonana ndi komiti ya aphungu imene ikuona za nkhaniyo, amadikira, amabwezedwa, n'kupitanso. Munthu amene sangapirire kukhala pa benchi kunja kwa ofesi tsiku lathunthu, ntchitoyi imamutopetsa chaka chisanathe.

Langizo langa lalikulu n'lakuti musankhe nkhani imodzi n'kuidziwa mpaka kumizu, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mukangoti ufulu wa amayi, mwatchula mutu waukulu kwambiri moti palibe nduna imene ingaukane, koma palibenso imene ingachitepo kanthu mawa m'mawa. Taonani mmene nkhani ya maukwati a ana inayendera m'dziko la Malawi. Omenyera ufulu sanalekere ponena kuti atsikana atetezedwe. Iwo analoza nambala imodzi, ya zaka 18. Ntchito ina inkachitika m'midzi, kumene mafumu monga Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza anakhazikitsa malamulo a m'dera n'kuthetsa maukwati a ana, ndipo ina inkachitika ku Nyumba ya Malamulo, imene m'chaka cha 2015 inavomereza lamulo lonena kuti zaka zolowera m'banja ndi 18. Amene ankawerenga mosamala anadziwa kuti ntchito inali isanathe, chifukwa malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomereza, ndipo lamulo laling'ono silingapose lalikulu. Anakankhabe mpaka mu February 2017, pamene aphungu anasintha ndime imeneyo. Munthu amene anaona kusagwirizana kwa malamulo awiriwo n'kukana kuvina msanga, ameneyo ndiye ankagwira ntchito imene inu mukuifunsayi.

Pa za maphunziro, palibe khomo limodzi. Alipo amene anaphunzira zamalamulo, ena zachuma, ena utolankhani, ena uphunzitsi kapena unamwino. Chimene olemba ntchito amayang'ana n'chakuti munthu azitha kulemba zomveka, asamaope manambala, ndipo azitha kufotokoza lamulo lovuta m'chilankhulo cha anthu amene lamulolo likuwakhudza. Mudziwenso mapangano amene maboma anasainira, monga pangano la ku Maputo la 2003 lokhudza ufulu wa amayi mu Africa, limene ndime yake ya 9 imanena za kutenga mbali pa ndale, ndi pangano la SADC la 2008 limene linaika cholinga chakuti theka la maudindo opanga ziganizo likhale la amayi pofika 2015. Cholingacho maiko ambiri sanachikwaniritse, koma siginecha ya boma ikadali papepala, ndipo womenyera mfundo amalowa nayo mu ofesi ngati munthu wodzakumbutsa ngongole, osati wodzapempha chifundo.

Tsopano ku mawu a makolo anu aja. Ntchito zambiri za mtundu umenewu zili m'mabungwe omwe si aboma, ndipo mabungwewo amadalira ndalama za opereka thandizo, choncho mgwirizano wa ntchito umakhala wa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo thandizo likatha ntchito imathanso. Muwauze makolo anu zimenezi moona mtima, koma muwauzenso kuti luso lomweli limafunika m'mabungwe a anthu apantchito, m'mipingo, m'malo ochita kafukufuku, m'manyuzipepala ndi m'maofesi a Nyumba ya Malamulo. Mukhale ndi luso limodzi logulitsika lokha, kaya ndi kafukufuku, kaya kulemba, kaya kuwerengera ndalama, kuti pulojekiti ikatha musakhale manja lende. Chinanso, musankhe msanga ngati mudzagwira ntchito m'chipani kapena kunja kwa zipani. Njira zonse ziwiri n'zolemekezeka, koma mapanga awiri avumbwitsa: mukadziwika kuti masana mumadzudzula boma m'dzina la bungwe pamene usiku mumalemba zolankhula za chipani china, zitseko za mbali zonse zidzakutsekekerani.

Poyambira penipeni ndi pafupi. Pezani msonkhano wa khonsolo kapena wa komiti ya chitukuko umene anthu wamba amaloledwa kukhalapo, mukakhale kumbuyo ndi kope, ndipo mulembe amene alankhula, amene angokhala chete, ndi amene mawu ake asanduka chigamulo. Mukatero miyezi itatu mudzakhala mutaipeza nkhani yanu imodzi ija.

FUNSO: Kwa zaka 6 ndakhala msungichuma wa komiti ya sukulu imene ana anga amaphunzirako, ndipo sipanasowepo ndalama. Tsopano amayi anzanga akundiuza kuti ndipikisane pa udindo wa wapampando, ena mpaka akuti ndidzaime pa ukhansala. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo ndikaima pagulu mawu amanjenjemera. Ndikuona ngati ndi bwino ndingokhala pamene ndilipa. Mungandilangize bwanji?

YANKHO: Mayi, kalata yanu ndi imene yandikhudza kwambiri mwezi uno, chifukwa nkhani yanu ndi ya amayi ochuluka zedi. Mukayang'ana makomiti a sukulu, a mijigo, a zaumoyo ndi a mipingo, kawirikawiri mudzapeza kuti mayi anapatsidwa usungichuma chifukwa anthu amamukhulupirira, kapena ulembi chifukwa sajomba misonkhano, koma mpando wa pakati anakhalapo ndi bambo. Anthu amati mayi alipo mu komiti, ndipo zimakhala zoona. Koma msungichuma amasunga ndalama zimene ena agamula mmene zigwirire ntchito, pamene wapampando ndi amene amaitanitsa msonkhano, amasankha nkhani zoyamba kukambidwa, amapereka mpata wolankhula, amasaina makalata, ndipo ndi amene akuluakulu a boma amamufuna akabwera. Mwakhala mukusenza katundu wolemera wa komitiyo kwa zaka 6 popanda kukhala ndi mawu omaliza pa kumene katunduyo akupita.

Mantha anuwo si umboni wakuti simungathe. Akatswiri awiri a ku America, Jennifer Lawless ndi Richard Fox, kuyambira m'chaka cha 2001 akhala akufunsa maloya, aphunzitsi, amalonda ndi omenyera ufulu ngati anaganizapo zopikisana pa chisankho. Iwo anapeza kuti amayi amene maphunziro ndi luso lawo n'zofanana ndi za abambo amadzikayikira kwambiri kuposa abambowo, komanso kuti amayi sapemphedwa kawirikawiri kuti aime. Ngati loya wamkazi wa madigiri amadziona wosakwanira, ndiye kuti gwero la kudzikayikira si kuchepa kwa sukulu, koma zimene mwana wamkazi amamva kuyambira ali wamng'ono zokhudza malo ake pagulu. Inu mwapemphedwa kale, ndipo amene akupemphaniwo ndi anthu amene aona mabuku anu a ndalama chaka ndi chaka. Mawu awo muwalemekeze monga umboni.

Kunjenjemera kwa mawu kumatha ndi kuzolowera. Wapampando wabwino si amene amalankhula motalika. Ndi amene amabwera atalemba nkhani zokambirana, amaonetsetsa kuti wofatsa nayenso walankhula, amaletsa mwaulemu amene akulanda msonkhano, ndipo pomaliza amanena momveka kuti chagamulidwa n'chiyani, achite ndani, pofika liti. Zonsezi mungaziphunzire. Yambani ndi kupereka lipoti lanu la zachuma mutaimirira, osati mutakhala, ndipo muziliwerenga mokweza kunyumba tsiku la msonkhano lisanafike. Pa za sukulu, musadzichotse nokha pa mpikisano musanawerenge malamulo a komiti yanu, ndipo ngati ndi za ukhansala, mufunse ku bungwe loyendetsa chisankho kuti lamulo limafuna chiyani kwenikweni, popeza zimene anthu amanena pamsewu nthawi zambiri zimakhala zokhwima kuposa zimene zinalembedwa.

Mwina mungafunse kuti kodi pali kusiyana kwanji mayi akakhala pa mpandowo. Yankho lomveka bwino linachokera ku India, kumene kuyambira 1993 gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya makhonsolo a m'midzi, kuphatikizapo ya wapampando, linapatulidwira amayi. Popeza midzi yoti itsogoleredwe ndi amayi inkasankhidwa mwa kasinthasintha, osati mwa kufuna kwa anthu a m'mudzimo, ofufuza anatha kuyerekeza bwino midziyo ndi inzake. Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo anafalitsa zotsatira zawo mu 2004, ndipo zinaonetsa kuti m'zigawo za West Bengal ndi Rajasthan, makhonsolo otsogoleredwa ndi amayi anaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, imene inali nkhani yomwe amayi a kumeneko ankaidandaula kwambiri. Ambiri mwa amayi amenewo sukulu sanapite nayo patali. Chimene anabwera nacho pa mpando n'kudziwa kulemera kwa ndowa ya madzi, ndipo inunso mukudziwa zinthu za pasukulu panu zimene ena mu komitimo sanaziganizirepo, monga chifukwa chimene atsikana akuluakulu amajombera masiku ena pa mwezi.

Ku India komweko kunaonekanso vuto limene ndiyenera kukuchenjezani: amayi ena anasankhidwa dzina lokha, koma misonkhano n'kumayendetsa amuna awo. Choncho mukambirane ndi apabanja panu musanavomere, mumvane za nthawi imene udindowu udzakudyereni ndi amene adzathandize ntchito za pakhomo, koma zidziwike kuyambira pachiyambi kuti wosankhidwa ndi inuyo.

Maganizo anga ndi akuti muyambe ndi mpando wa komiti, muutumikire nthawi yake yonse, ndipo za ukhansala mudzaziganize muli ndi ntchito zooneka zoti muloze. Musanaime, werengani mavoti anu mmodzimmodzi, muwayendere ovotawo, kuphatikizapo abambo amene mukuganiza kuti sangakuvotereni, chifukwa ena amangodikira kupemphedwa mwaulemu. Ndipo kuyambira lero muyambe kuphunzitsa mayi wina kasungidwe ka mabuku a ndalama, kuti pasadzakhale wonena kuti simungachoke pa usungichuma popeza palibe wolowa m'malo mwanu. Chifukwa chimenecho chasunga amayi ambiri pa udindo umodzi kwa zaka zochuluka.

FUNSO: Ndine bambo wa ana aakazi atatu ndipo sindidana ndi utsogoleri wa amayi. Koma ndikamva zoti mipando ina ipatulidwire amayi, ndimaona kuti n'kukondera. Bwanji aliyense osangopikisana mwa luso lake?

YANKHO: Bambo, funso lanu n'loyenera, ndipo ndikuthokozani kuti mwalifunsa poyera, chifukwa ambiri amangolisunga mumtima. Mpikisano wa luso ndi wabwino ngati onse ayambira pa mzere umodzi. Koma munthu asanafike pa pepala lovotera amadutsa pa zisankho zachipulula, zimene zimayendetsedwa ndi akuluakulu a zipani omwe ambiri ndi abambo; amafunika ndalama za kampeni, pamene malo, nyumba ndi ngongole za kubanki zimapezeka mosavuta kwa abambo; amafunikanso nthawi ya misonkhano ya usiku, imene mayi amakhala akusamalira ana ndi odwala. Luso la mayi limasefedwa pa zipata zimenezi ovota asanalione n'komwe.

Manambala akuonetsa kuti kudikira kuti zinthu zisinthe zokha kumachedwa. Pamene maiko 189 anakumana ku Beijing mu 1995 pa msonkhano waukulu wokambirana za amayi, amayi anali pafupifupi 11 mwa aphungu 100 alionse pa dziko lonse, ndipo patatha zaka 30 anafika pafupifupi 27. Maiko amene anadumpha msanga ndi amene anakhazikitsa lamulo. Dziko la Rwanda linaika m'malamulo ake aakulu a 2003 kuti amayi asachepere 30 mwa 100 alionse m'maudindo opanga ziganizo, linapatula mipando 24 mwa 80 ya aphungu, ndipo mu 2008 linakhala dziko loyamba kukhala ndi aphungu aakazi ochuluka kuposa aamuna. Dziko la Senegal linakhazikitsa lamulo mu 2010 lokakamiza zipani kusinthanitsa mwamuna ndi mkazi pa mndandanda wa oimira, ndipo pa chisankho cha 2012 amayi anapeza mipando 64 mwa 150. Yerekezani ndi dziko la Malawi, limene lilibe mipando yopatulidwa: aphungu aakazi anapitirira 40 mwa 193 mu 2009, anatsika kufika pa 32 mu 2014, n'kukweranso kupitirira 40 mu 2019. Popanda lamulo, zimene zapezeka pa chisankho china zimatha kutayika pa chinzake.

Sindikubisirani zofooka za njirayi. Zipani zina zimadzaza mipando yopatulidwa ndi achibale a atsogoleri kapena amayi amene sangatsutse kanthu. Phungu wopanda dera lakelake nthawi zina amaonedwa ngati wachiwiri kwa anzake, ndipo kuchuluka kwa amayi m'Nyumba ya Malamulo sikutsimikizira kuti Nyumbayo ili ndi mphamvu zodzudzula boma. Zimenezi ndi zifukwa zokonzera lamulo bwino, osati zolitayira.

Chimene chimandikopa ine kwambiri n'chimene mipandoyi imachita m'maganizo a ovota. Ku West Bengal, Lori Beaman ndi anzake anapeza kuti m'midzi imene inatsogoleredwa ndi mayi maulendo awiri, amayi ambiri anayamba kuima ndi kupambana ngakhale pa mipando yosapatulidwa, ndipo kafukufuku wawo wa 2012 anaonetsa kuti atsikana a m'midzi imeneyo anayamba kulakalaka zinthu zazikulu, ndipo kusiyana kwa maphunziro pakati pa anyamata ndi atsikana kunatha. Mawu aja akuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo sathetsedwa ndi mtsutso wa pakamwa; amatha anthu akaona ndi maso awo ngoloyo ikuyenda. Ana anu aakazi atatuwo ndi amene amapindula ndi kuona kumeneko.

FUNSO: Nditangolengeza kuti ndidzaima pa chisankho cha m'dera lathu, anthu ayamba kundinyoza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Akunditchula mayina oipa, akundinamizira za chiwerewere, ndipo wina anatumiza uthenga woopseza. Mwamuna wanga akuti ndisiye. Nditani?

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri. Zimene akukuchitiranizi ndi nkhanza, ndipo cholinga chake n'chimodzi, chakuti muchoke pa mpikisano popanda iwo kukugonjetsani ndi mavoti. Si inu nokha. Mu 2016 bungwe la Inter-Parliamentary Union, limene limasonkhanitsa Nyumba za Malamulo za maiko osiyanasiyana, linafunsa aphungu aakazi 55 a m'maiko 39, ndipo pafupifupi 82 mwa 100 alionse ananena kuti anazunzidwapo m'maganizo, pamene oposa 40 mwa 100 anaopsezedwapo kuti aphedwa, agwiriridwa, amenyedwa kapena abedwa. Ku Bolivia, khansala Juana Quispe anaphedwa mu 2012 atadandaula kwa nthawi yaitali kuti akuzunzidwa pa udindo wake, ndipo chaka chomwecho dzikolo linakhazikitsa lamulo lapadera loletsa nkhanza kwa amayi pa ndale. Ndatchula nkhani yowawayi kuti musapepuse uthenga woopseza uja.

Musiyanitse zonyoza ndi zoopseza. Uthenga woopsezawo muujambule pamodzi ndi nambala, tsiku ndi nthawi, musunge m'malo awiri, ndipo mukanene kupolisi komanso ku bungwe loyendetsa chisankho kudzera m'kalata, n'kusunga kope lanu. Musamayende nokha pochokera ku misonkhano, ndipo achibale azidziwa kumene muli. Zonyoza zija musaziyankhe nokha usiku mtima uli m'mwamba. Pezani anthu awiri odalirika oti aziyang'anira masamba anu, ndipo bodza limene lafalikira kwambiri mulitsutse kamodzi, mwachidule, kenako mubwerere ku nkhani za madzi, misewu ndi sukulu zimene munaimira.

Amuna anu akulankhula chifukwa cha mantha ndi manyazi amene nawonso akuwamva, choncho musawaone ngati mdani. Muwaonetse zimene mwakonza zokhudza chitetezo chanu, ndipo ngati n'kotheka akumane ndi banja lina limene linadutsapo m'zoterezi. Chigamulo chopitiriza kapena kusiya ndi chanu, ndipo mukasankha kudikira chisankho china chifukwa cha chitetezo, palibe amene ayenera kukuweruzani.

FUNSO: Ndimatsogolera gulu lolimbikitsa amayi kutenga maudindo. Chaka chatha tinachititsa maphunziro a utsogoleri kangapo ndipo amayi ankabwera ambiri, koma nthawi ya chisankho itafika palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima. Anzanga akuti vuto n'lakuti amayi sakondana. Kodi tikulakwitsa pati?

YANKHO: Mayi, mawu akuti amayi sakondana ndimawakana. Abambo amapikisana, amanyozana ndi kugwetsana pa ndale tsiku ndi tsiku, koma palibe amene amati abambo sakondana. Amangoti ndi ndale. Mayi wovota ali ndi chipani chake, mavuto ake ndi maganizo ake, ndipo sangavotere munthu chifukwa chokha chakuti ndi mkazi mnzake. Ku Liberia mu 2003, amayi achikhristu ndi achisilamu motsogoleredwa ndi Leymah Gbowee anagwirizana mpaka kukatseka zitseko za holo ya zokambirana zamtendere ku Accra, m'dziko la Ghana, kuti atsogoleri a nkhondo asatuluke asanamvane, ndipo patatha zaka ziwiri amayi a m'dzikolo analembetsa mwaunyinji pa chisankho chimene mayi Ellen Johnson Sirleaf anapambana n'kukhala mtsogoleri wa dzikolo. Pamene pali cholinga chomveka, amayi amagwirana manja.

Pamene mukulakwitsa, mmene ndikuonera, n'pakuti maphunziro amayankha funso limene amayiwo sanafunse. Amachita ngati chimene chikusowa ndi nzeru, pamene chikusowa ndi munthu wowapempha, ndalama zoyambira, nthawi, ndi njira yodutsira pa zisankho zachipulula. Kuima kutsogolo kwa holo n'kunena kuti amayi imani sikupempha munthu aliyense, popeza aliyense amaganiza kuti akunenedwa ndi mnzake wakhala pambaliyo. Kupempha kwenikweni n'kupita kunyumba kwa mayi mmodzi muli awiri kapena atatu, kumutchula dzina, kumuuza mpando umene mukufuna kuti aimire ndi chifukwa chimene mwasankhira iyeyo, ndiponso kumuuza zimene gulu lanu lidzamuchitire. Akakana, mubwerenso patatha milungu iwiri, chifukwa kukana koyamba nthawi zambiri kumakhala kufunsa ngati mukunenadi zoona.

Musafunefune atsogoleri pakati pa odziwa kulankhula m'maphunziro okha. Yang'anani amene akuyendetsa kale zinthu popanda udindo: mayi amene anthu amathamangirako mjigo ukawonongeka, amene amasunga mabuku a gulu losunga ndalama, amene amaperekeza odwala kuchipatala. Joyce Banda anadziwika poyamba ndi ntchito yosonkhanitsa amayi ochita malonda asanalowe ndale n'kudzakhala mtsogoleri wa dziko la Malawi mu April 2012, ndipo Wangari Maathai wa ku Kenya anayamba ndi kubzala mitengo pamodzi ndi amayi a m'midzi mu 1977. Onsewa anafika pa ndale ali kale ndi anthu owadziwa chifukwa cha ntchito.

Lembani kalendala ya mipando yonse ya m'dera lanu, kuyambira komiti ya sukulu mpaka ukhansala, ndi nthawi imene uliwonse udzasankhidwe, kuti muziyamba kukonzekera chaka chathunthu chisankho chisanafike. Ndalama zina zimene mumalipira holo ndi chakudya cha pa maphunziro muzisunge kuti zidzathandize pa kulembetsa, maulendo ndi oyang'anira mavoti, pakuti ndalama yochepa imene yafika koyambirira imachita zambiri kuposa yochuluka yofika mochedwa. Bungwe la EMILY's List la ku America, limene limasonkhanitsa ndalama zothandizira amayi opikisana pa zisankho, linakhazikitsidwa mu 1985 pa mfundo imeneyi, yakuti thandizo loyambirira ndi limene limachititsa ena kukhulupirira woimirayo n'kuyamba kuthandizanso. Ngati gulu lanu silili la chipani, muthandize amayi a zipani zonse mofanana, ndipo mukumane ndi akuluakulu a zipanizo zisankho zachipulula zisanachitike, kuti malo, tsiku ndi mndandanda wa ovota zidziwike poyera, chifukwa amayi ambiri amagwera pamenepo.

Konzekeraninso za kugonja, popeza ambiri amene mudzawaimike ulendo woyamba sadzapambana. Sirleaf anagonja mu 1997 asanapambane mu 2005, ndipo Maathai anagonja mu 1997 asanasankhidwe kukhala phungu wa dera la Tetu mu 2002. Mayi amene wagonja mukamuyendere sabata yomweyo, pamene ena onse amuthawa ndipo ngongole za kampeni zayamba kumuvutitsa. Mutenge zotsatira za malo ovotera alionse, mukhale naye pansi, muone kumene anachita bwino ndi kumene sanafikeko, ndipo mumupezere udindo wina m'komiti ya m'deralo kuti dzina lake lisazilale pamene mukudikira chisankho chotsatira.